Lenti Yosatha ya Agogo Anu

Tamanda, tuluka m'nyumbamo, leka kutupa masaya. Nanga mayi a pakhomo lachiwiri aja akulakwira chiyani? Angokuona ukuchokera kusitima n'kunena kuti, "Ee, mwana uyu wanenepa!" basi iwe misozi lengelenge, kuthawira kuchipinda, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Ati kusukulu kwanu ku Mzuzu mawu amenewo ndi chipongwe. Koma ana a masiku ano inu! Bwerani nonse pamthunzi pano, tengani mipeni muzisenda chinangwachi, m'manja musangokhala. Ndikuuzeni za mawu amenewa, chifukwa ine anangotsala pang'ono kundisandutsa mkazi wamasiye.

Agogo anu aamuna awo ali pakhondepo ndi ukonde wawo, akunamizira kuti sakumva. Akumva zonse. Asiyeni, nkhaniyi ndi yawo yomwe.

Ndili mtsikana, munthu wonenepa pa Likoma pano anali wosowa ngati galimoto. Akananenepa bwanji? Mayi adzuke, atsikire kunyanja kukavuula chinangwa chimene anaviika, asenze dengu lodontha madzi kukwera nalo chitunda, ayanike pamwala, kenako agwire musi asinje mpaka mapewa kuwawa. Nkhuni pachilumba pano zinatha kalekale, ndiye tinkawoloka pa ngalawa ya thanga kupita kutsidya, cha ku Kobwe, mphepo ikakana n'kumapalasa ndi manja. Amuna nawo ankakoka ukonde wa chilimira ndi mikono yawo, injini kunalibe. Kutchalitchi ku Chipyela, wapansi. Kumaliro ku Yofu, wapansi. Mafuta ophikira tinkawaona pa Khirisimasi. Masiku ena onse inali kondowole ndi usipa wowiritsa, kapena chigwada, ndipo zotsekemera zathu zinali mango ndi malambe. Inu mukamadandaula kuti tiyi wachepa shuga ndimangokuyang'anani.

Ndiye munthu akabwera kuchokera ku Halale kapena ku Blantyre ali ndi kamimba, khosi litapindika kumbuyo, tinkamuzungulira kudoko. "Mwanenepa! Ee, koma mwanenepa!" Tanthauzo lake linali loti kumene muliko mukudya, simukudwala, Mulungu wakuonani. Akakhala mwamuna wapabanja, ulemuwo unkapita kwa mkazi wake. Amayi ankamuloza ndi milomo kuti uyo ndiye amadziwa kusamala mwamuna.

Mawu enawo, oti "mwaonda," sitinkawanena pamaso pa munthu. Tinkanong'onezana kuseri. Makamaka zitafika zaka zija za kaliwondewonde, inu musanabadwe, mankhwala otalikitsa moyo asanabwere. Achinyamata athu ankachoka pano ali ndi matupi, n'kubwerako atatha, akuchita kuwanyamula potsika sitima. Belu la kutchalitchi linkalira mpaka tinasiya kufunsa kuti lero ndi yani. Kuchokera nthawi imeneyo, munthu akangoboola lamba chiboo chatsopano, anthu ankayamba kuganiza za matabwa.

Agogo anu, a Barnaba, ndinawakwatira ali oonda ngati nkhafi. Miyendo yokhayokha ndi makutu. Mwamva akutsokomola? Ndiye kuti ndanena zoona. Mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo amene anawalera ndi achemwali awo aakulu, a Dorika a ku Khuyu. Munthu yekhayo padziko lapansi amene ankati "Barnaba iwe" agogo anu n'kuyankha kuti "wawa." Tsiku la ukwati a Dorika anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mlamu, ndakupatsani mafupa. Mundibwezere munthu." Ndinayesetsa, abale. Koma munthu wopalasa bwato tsiku ndi tsiku, umudyetse bwanji, zonse zimathera m'nyanja.

Zinasintha ana athu atakula. Amalume anu a Luka atapeza ntchito ku Lilongwe anagulira atate awo injini ya boti. Agogo anu anasiya kupalasa, kenako anasiyanso kupita panyanja, n'kusanduka mwini boti wodikira nsomba kumtunda. M'mawa tiyi wa mkaka, shuga wothira mpaka supuni kutopa, ndi buledi wopaka majarini. Masana ali pabawo pansi pa mtengo wa mango, mandasi ali pambali. Magetsi atabwera panabweranso mafiriji, ndiye zakumwa zoziziritsa kukhosi zinkangotsatana. Njinga zamoto zitafika, miyendo inapuma. Ngakhale kukaona mnzawo pafupi pomwepa, ankaimitsa njinga. Nane kukhitchini mafuta anali osasowa tsopano, nsomba iliyonse ndinkaikazinga mpaka kununkhira mudzi wonse.

Mimba inatuluka, ana inu! Malaya anayamba kukana mabatani. Akavala nsapato ankachita kukhala pansi n'kupuma kaye. Anthu akakumana nawo, "A Barnaba, mwanenepa! Injini yakukondani!" Iwo n'kumaisisita mimbayo, akuseka. Ine mtima unkangoti myaa, ndikuyenda ngati mkazi wa bwana. A Dorika anayenda ulendo wonse kuchoka ku Khuyu atanyamula chitenje chatsopano, n'kundiveka okha m'chiuno. "Mlamu, mwagwira ntchito," anatero. Chitenjecho ndinachivala mpaka chinasuluka.

Agogo anu anali ndi achimwene awo aakulu, a Mateyu, ogulitsa m'sitolo. Amenewo ndiye anali chimunthu, akakhala pabenchi enanu funani pena. Tsiku lina ali m'sitolo mwawo, akupimira mayi wina mchere, anangoti gwa! Pofika kuchipatala anali atapita. Chakudza sichiimba ng'oma. Pamaliro anthu ankagwedeza mitu: "Munthu wathanzi chotere angafe bwanji? Apa pali dzanja la munthu." Ena analoza amalonda anzawo, ena analoza kutsidya. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analoza mimba ija, chifukwa tonse tinkadziwa kuti imfa imakonda oonda.

Patapita zaka, agogo anu anayamba kudandaula mutu wa kunkhongo. Ludzu losatha, madzi akumwa ngati ng'ombe. Lamulungu lina njinga yamoto inatisowa, tinayenda wapansi kupita kutchalitchi, ndipo pachitunda chija iwo anakhala pamwala, thukuta kamukamu, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Ine ndinafika pamwamba, kucheuka, munthu akadali pansi. Mantha anandigwira tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinawakokera kuchipatala, akukana njira yonse kuti ndi malungo chabe.

Tinapeza adokotala achitsikana, ochokera kumtunda, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. Anawakweza pasikelo, anawamanga chinthu chija chofufuma pamkono, anawabaya chala, kenako anatenga tepi ngati ya telala n'kuwazunguliza pamimba. Tepiyo inangotsala pang'ono kuperewera.

"Adada, magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo shuga wayamba kukwera," anatero adokotala. "Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sakwanira. Thupili lichepe."

Agogo anu anaseka. "Mwana wanga, ine ndavutikira thupi limeneli moyo wanga wonse. Lero ndilitaye?"

Adokotala sanaseke nawo. "Thupi likalemera kupitirira msinkhu wa mwini wake, makamaka pamimba apa, mtima umagwira ntchito yosenza katundu usana ndi usiku. Umatopa. Anthu otere imfa imawapeza msanga, nthawi zina akuyenda bwinobwino. Kodi kwanu kulibe amene anangogwa mwadzidzidzi?"

Tinayang'anana. Dzina la a Mateyu palibe analitchula, koma tonse tinalimva.

Ine ndinafunsa kuti, "Nanga adokotala, si paja kuonda ndiye kumapha?"

"Kumapha ndithu, amama. Munthu akamaonda osadziwa chomuondetsa, kapena akaonda mpaka kutha mphamvu, abwere msanga timuyeze. Uko n'koopsa. Koma adadawa tawayeza, alibe matenda oondetsa. Iwo akachepa thupi chifukwa choyenda ndi kudya mosamala, akhala nanu nthawi yaitali."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba, ine ndi agogo anu. Tili pafupi kufika anaima n'kunena kuti, "Mayi a Luka, imfa ndikuiopa, koma ndikuopanso pakamwa pa anthu. Ndikayamba kuonda adzati chiyani? Adzati ndatenga matenda aja paukalamba. Adzati inu mwasiya kundiphikira. Nanga achemwali ndikawauza chiyani?"

Nane zinandivuta. Kuti tilengeze kuti munthu akudwala chifukwa chonenepa, akanatiseka chilumba chonse. Ndiye ndinakumbukira kuti Lachitatu la phulusa linali pafupi, nyengo ya Lenti ikuyamba, pamene ife a mpingo timasala zakudya zina mpaka Pasaka. Ndinati, "Bambo a Luka, chaka chino musala ngati mneneri. Shuga, mandasi, zokazinga, njinga yamoto, zonse mwazipereka kwa Mulungu. Wofunsa aliyense, yankho ndi limodzi: ndi Lenti." Anandiyang'ana n'kuseka mpaka kugwira mtengo. "Mkazi iwe, ukanakhala mwamuna ukanakhala loya."

Nzeru imeneyi inagwira ntchito, simungakhulupirire. Ndinabwerera ku kaphikidwe ka amayi anga: nsomba yowiritsa ndi tomato, utaka wootcha pamakala, chigwada chambiri m'mbale, kondowole mtanda wochepa, mchere wongowaza. M'mawa uliwonse ankatenga ndodo n'kuyenda m'njira za miyala, poyamba pafupi, kenako mpaka ku Khuyu n'kubwerera. Anzawo a pabawo akawapatsa mandasi, iwo ankakweza dzanja ngati wansembe: "Pepani abale, ndi Lenti." Anthu anayamba kuwalemekeza. Abambo wansembe mpaka anawatchula paguwa kuti tengerani chitsanzo kwa a Barnaba. Ine ndinabisa nkhope m'buku la nyimbo kuti kuseka kusaoneke. Mutu uja unaleka, ndipo chitunda anayamba kuchikwera osakhala pamwala.

Vuto la Lenti ndi loti imatha. Pasaka anafika, tinaimba aleluya, anthu anabwerera ku mbale zawo, koma agogo anu anapitirizabe. Lamba anaboola chiboo china. Pabawo anayamba kufunsa, "Kodi a Barnaba, kalendala yanu ndi ya mpingo uti? Lenti yanu siitha?" Posakhalitsa dzina linamera, aliyense n'kumati a Lenti. "A Lenti adutsa apa?" "A Lenti, boti lanu lafika!" Zimenezo zinali zoseketsa. Zosaseketsa zinali kuchitsime. Ndikafika amayi ankangoti zii, n'kumandipatsa moni wachifundo, uja timapatsa munthu amene kwawo kuli matenda. Wina mpaka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Limbani mtima, mankhwala alipo masiku ano." Ndinabwera kunyumba nditakwiya kwambiri.

Kenako anatulukira a Dorika, atanyamula nkhuku yamoyo ndi botolo la mafuta. Sanakhale n'komwe pamkeka.

"Mlamu, mlongo wanga mukumutani?"

"Alamu, khalani pansi ndikufotokozereni. Kuchipatala anati…"

"Kuchipatala! Kamtsikana kaja kobadwa dzulo? Ine ndinamulera Barnaba ndi phala la chinangwa mayi atamwalira, ndimadziwa akakhala bwino ndi akamadwala. Taonani khosi lija latha! Ngati mwatopa naye nenani, ndimutenge."

Ndinayesa kulongosola za magazi ndi za shuga, koma zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linalo. Anasiya nkhuku ija pabwalo, n'kutembenuka osatsanzika. Agogo anu nthawi yonseyo anali kuseri kwa nyumba, ati akukonza chingwe cha boti.

Inafika nyengo ya mwera, mphepo ija yozizira imene imatsekera maboti kumtunda. Ndinayamba kudabwa. Ine ndikuphika mosamala, munthu akuyenda tsiku lililonse, ndipotu tsopano ankanyamuka mokondwa, akuimba mluzu. Koma lamba anabwerera pachiboo chakale. Akabwera kuchokera koyenda ndikawapatsa chakudya, ankangotola pang'ono n'kunena kuti, "Ndazolowera kudya mochepa, mayi a Luka." Ine n'kumawayamikira, kupusa kwanga! Tsiku lina ndikuchapa malaya awo ndinaona madontho a mafuta pachifuwa. Ndinanunkhiza: nkhuku yokazinga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ulendo wa ku Khuyu uja unkathera pamkeka wa achemwali awo. Mapiritsi nawonso anali atawasiya, chifukwa a Dorika anawauza kuti ndi amene akuwaondetsa.

Ndinakonza mawu oti ndiwalankhule akabwera, mawu otentha ndithu. Sindinawalankhule. Dzuwa lili pamutu foni inalira, anali mayi wina woyandikana ndi a Dorika. "Thamangirani kuchipatala, a Barnaba agwa." Mayo ine! Ndinathamanga opanda nsapato, mpango unagwera panjira osautola. Ndinawapeza atagona, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende, akuyesa kunditchula dzina koma lilime likukana. Ndinaona a Mateyu pamaso panga. Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Ambuye, munthu uyu sindinathane naye, musanditengere."

Adokotala aja anagwira ntchito yawo, Mulungu awadalitse kumene ali. Patapita masiku anatiuza kuti sitiroko yake inali yaing'ono, yongochenjeza, koma ikadzabweranso mwina sidzachenjeza. Mawu anayamba kubwerera, dzanja linayamba kugwira kapu.

A Dorika masiku onsewo ankakhala pakhonde la chipatala, osalowa, osadya. Tsiku lina ndinatuluka n'kukhala pambali pawo. Mkwiyo ndinali nawo, sindikubisirani. Koma nditawayang'ana ndinaona kuti gogo uja wachepa ngati mwana.

Anayamba okha. "Mlamu, ine ndinaika ana anga awiri m'zaka zija. Inu munalipo. Onse anayamba chonchi, lamba kukhwefuka, masaya kulowa. Pomaliza ndinkawanyamula ndi manja awa kupita nawo kubafa, amuna aakuluakulu. Ndiye ndikaona lamba wa Barnaba akukhwefuka, ine ndimaona manda. Ndimati ndikumupulumutsa, mlamu. Nkhuku iliyonse ndimati ndikumubweza panjira ya kumanda."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Ndinawagwira dzanja. "Alamu, ndikudziwa. Koma tandiuzani, a Mateyu anaonda?"

Anayang'ana pansi. "Mateyu bokosi lake anachita kuwonjezera matabwa," anatero motsitsa. Kenako anadzutsa mutu. "Ndiye kuti manda ali mbali zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri, alamu. Ifeyo timuyendetse pakati."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anaimirira, n'kulowa m'chipinda cha adokotala osagogoda. Ndinamva akuti, "Mwana wanga, ndinakunyoza. Tsopano ndiuze bwinobwino, chimene Barnaba asadye ndi chiyani?"

Ana inu, ngati agogo anu ankaganiza kuti ine ndine wovuta, anali asanaone kanthu. Atangotuluka m'chipatala, a Dorika anatenga ndodo yawo n'kuyendera chilumba chonse. Kwa amayi a mandasi: "Mukamugulitsa Barnaba ngakhale limodzi, nsima ya pamaliro ake mudzaphika nokha." Ku tiyirumu chimodzimodzi. Kwa a njinga zamoto: "Mukamuona panjira mupatseni moni, mudutse." Pabawo anakaima pakati pa amuna onse aja n'kulengeza kuti, "Mlongo wanga alibe kaliwondewonde, ndipo mkazi wake sanamutope. Akudwala mimba yaikulu, yomwe inapha Mateyu. Enanu muli apa dziyang'aneni." Akuti amuna angapo anakokera mimba m'kati nthawi yomweyo.

Agogo anu anayesa nzeru zawo. Anakanong'oneza wamalonda wina wa ku Kobwe, amene ankabweretsa nkhuni ndi mpunga, kuti adzawabisire mabisiketi m'thumba. Munthuyo anaseka n'kunena kuti, "Pepani akulu, amayi aja anafika kale kungalawa kwathu." Anabwera kunyumba akudandaula: "Kukhala pachilumba n'kuipa. Kumtunda munthu ukhoza kuthawira mudzi wina. Kuno mbali zonse madzi, pakati achemwali." Ulendo wa ku Khuyu unapitirira, koma tsopano akafika ankapatsidwa madzi akumwa ndi chinangwa chootcha kachidutswa, kenako a Dorika n'kuwaperekeza okha mpaka pakati pa njira, akuwakalipira kuti akuyenda ngati nkhono.

Musaganize kuti tinkafuna kuwasandutsa nkhafi ija ndinakwatira. Adokotala ankatiyang'anira, ndipo atafika pabwino anati basi, apa pakwana, munthu wachikulire asatsike kupitirira apa, mphamvu zingathe. Anatiuza tiziwonjezera nyemba ndi mtedza. Agogo anu atamva za mtedza anasangalala ngati apatsidwa ng'ombe. Yohane, ukusenda chinangwa kapena ukuchisema? Taona wataya theka lonse.

Inafika Khirisimasi. Sitima inabweretsa ana a pachilumba ochokera m'matauni, monga zimakhalira. Titatuluka m'tchalitchi bwalo lonse linali phokoso, anthu akukumbatirana, uku "Mwanenepa!" uko "Ee, koma mwanenepa!" Agogo anu anaima pambali panga atavala suti imene anaichepetsa kwa telala, atayenda okha wapansi kuchokera kuno ku Mbungo. Msuweni wawo wina wa ku Blantyre anabwera manja ali tambalala, koma atawayang'anitsitsa kumwetulira kunazima. Anawapatsa moni wofewa, kenako anandikokera pambali n'kunong'ona: "Alamu, kodi akudwala nthawi yaitali?"

A Dorika anamva. Anakankha anthu ndi ndodo yawo, anafika pamaso pa mlongo wawo, anamugwira masaya ndi manja onse awiri, n'kufuula kuti bwalo lonse limve:

"Barnaba iwe, waonda!"

Anthu onse anatembenuka. Mawu amenewo, pamaso pa munthu, pakhomo pa tchalitchi, tsiku la Khirisimasi! Amayi ena anagwira pakamwa. Ndiye gogo uja anaponya ndodo pansi, anaika dzanja pamlomo, n'kuimba nthungululu yaitali imene sindinaimvepo kwa munthu wa msinkhu wawo. Misozi ikutsika, iwo akuvina pang'onopang'ono mozungulira mlongo wawo.

"Waonda, ndipo uli moyo! Taonani, anthu inu, waonda ndipo wabwera ndi miyendo yake! Ndinaika oonda, ndinaika wonenepa, koma uyu sindimuika ine ayi. Uyu ndiye adzandiike!"

Ine ndinalandira nthungululuyo, amayi ena analandiranso, mpaka msuweni wa ku Blantyre uja anayamba kuomba m'manja osadziwa chimene akuombera. Agogo anu anangoima pakati, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, n'kumangoti, "Wawa, achemwali. Wawa."

Ndipo zinaterodi. A Dorika anakhala zaka zambiri pambuyo pake, anakalamba mpaka kumasokoneza maina a zidzukulu, n'kugona tulo tawo mwamtendere. Tsiku lowaika, anthu anabweretsa njinga yamoto kuti agogo anu akwere, poti ndi achikulire. Anakana. Anayenda wapansi kumbuyo kwa bokosi la achemwali awo, kuchoka ku Khuyu mpaka kumanda, akutsogolera nyimbo ndi mawu awo onse, osakhala pamwala ngakhale kamodzi.